Thumba la Jekete ya Bambo a Esime

Lolemba, 19 Ogasiti 2019

Esime wandipempha jekete ya bambo ake.

Ndinali nditangofika kuchokera kushopu, msana ukuwawa, tsiku lonse ndakhala pamakina kupinda mathalauza a ana asukulu. Ndinapeza iye wabwera kale kuyunivesite, waphika tiyi, buledi wadula ali pambale. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani. Mwana wanga ameneyu saphika tiyi waulere.

Akuti pa kosi yake yachiwiri ija, ya za myuziyamu, aliyense abweretse chinthu chimodzi cha kwawo. Achisamale monga amachitira m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, achilembere mbiri yake, kenako mu Okutobala achiike m'galasi anthu adzaone. Wina wabweretsa mbale ya agogo ake, wina chipewa cha kumgodi. Iye akufuna jekete imene bambo ake anavala tsiku limene anaphedwa, Meyi wa 2008.

Ndinati ayi.

"Mami, simunamve n'komwe."

Ndinati ndamva, ndipo ayi.

Ambuye mundikhululukire, sindinalekere pomwepo. Ndinati ine ndikudziwa kuti unapita kukaphunzira kemisitire kuti udzagwire ntchito ya mankhwala, izi zopukuta fumbi pa katundu wa akufa unadziwonjezera wekha, ndipo sizidzakudyetsa. Anatenga mabuku ake n'kukakhala pabedi, nkhope kukhoma.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Jeketeyo ili m'sutikesi pansi pa bedi, m'jumbo momwemo mmene anandipatsira kumochale. Zovala zina zonse tinapita nazo limodzi ndi maliro ku Bembeke, abale anagawana monga mwa mwambo. Iyi sindinaionetse. Ungampatse bwanji mlamu wako chovala chamagazi, thumba lili lende? Ndinabwerera nayo ku Joni. Sindinaichape, sindinaisoke, sindinaitaye. Ine telala, wosoka zong'ambika za Jeppestown yense.

Tsiku limenelo ine kunalibe. Nthawi imeneyo ndinkagona kuntchito kwa azungu, kunyumba ndinkabwera kawiri pamwezi. Bambo ake anatuluka ndi Esime kukagula parafini, anakumana ndi gulu lija losaka alendo pamsewu. Anawafunsa funso m'Chizulu, iwo anayankha ndi lilime la kwathu. Basi. E. anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anamupeza ndi mai Sekai, aneba athu a chipinda chachiwiri, atakhala kuseri kwa mgolo wa zinyalala. Anatha milungu osalankhula. Atayamba kulankhula, za tsikulo sananenepo, ine sindinafunse. Ndinkati kufunsa n'kutokosa chilonda.

Lero amangondiyankha eya ndi ayi.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Anati angoiona basi, saitenga. Ndinalola.

Anasamba m'manja, anayala nsalu yoyera patebulo, anavala magolovesi abuluu ngati namwino. Ndinati ndi bambo ako amenewa, si matenda. Anati thukuta la m'manja limadya nsalu, ndi lamulo loyamba limene anawaphunzitsa.

Atatsegula jumbo, fungo lake ndinalizindikira. Chinyezi, ndi kena kake kachitsulo. Jekete yaubweya yotuwa ija, imene anagula yakaunjika pafupi ndi Park Station. Munthu wa ku Bembeke, ankati kuzizira kwa ku Joni n'kwa ana, koma sankaivula ngakhale mu Novembala.

E. anaweramira pakolala, anandiitana. Timabowo tating'onoting'ono, ndi kaufa kotuwa m'mapindiro. Njenjete. Anati, "Mami, zili m'kati, zikudya. Mukaisiya muno zaka ziwiri zitatu mudzatola mabatani okha."

Ndinafunsa kuti kusukulu kwakoko akaichita chiyani. Akuti choyamba amaikulunga m'pulasitiki, n'kuiika m'firiji yaikulu yozizira koopsa kwa masiku angapo kuti tizilombo ndi mazira ake zife. Kenako amaimangirira kakhadi ka nambala.

Firiji ndi nambala. Ndinakhala pansi. Bambo ake ndinawapeza choncho, m'kabati yozizira imene munthu anachita kukoka, nambala ili kuchala chakumwendo. Ndiye abwererenso m'firiji kachiwiri, owalowetsa mwana wawo yemwe?

Sindinamuuze zimenezi. Ndinangoti bwezamo. Anabweza pang'onopang'ono, dzanja limodzi pansi pa thumba long'ambika lija ngati wanyamula khanda.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Ndawafotokozera mai Sekai tikuyanika zovala kuseri. Anaseka mpaka kugwira chingwe.

"M'firiji? Pamodzi ndi nkhuku? Shuwa ana ophunzirawa atipha."

Kenako anasiya kuseka. Iwo anabadwira pafamu ku Zimbabwe, agogo awo anachoka ku Dedza wapansi kalekale. Chichewa chawo ndi chija chakale chosakanizika ndi Chishona, E. amati amalankhula ngati Baibulo lonyowa. Anati, "Mai Esime, ife sekuru athu, agogo aja, sanasiye kanthu. Chithunzi palibe, batani palibe. Mudzi wawo timangoumva dzina, mwina tikulitchulanso molakwa. Ku Zimbabwe amati ndife Amalawi, ku Malawi sitidziwa khomo logogoda. Inu muli ndi jekete yathunthu mukudyetsa njenjete. Mpatseni mwanayo."

Ndinati anthu akadzaona magaziwo?

Anati, "Adzaone. Anawakhetsa ndi ndani?"

Kulankhula n'kosavuta ngati mwamunayo sanali wako. Mundikhululukire, ndinaganiza choncho, pamene mayi ameneyu ndi amene anandinyamulira mwana tsiku lija.

Loweruka, 24 Ogasiti

Ndinapita kukalapa. Bambo mfumu athu pano samva Chichewa, ndiye machimo ndimachita kuwamasulira m'Chingerezi, akamatuluka amaoneka ochepa. Ndinati ndinanyoza maphunziro a mwana wanga, ndinapsa mtima, ndinaganizira mnansi zoipa. Ndinafotokozanso za jekete. Anati: anali mwamuna wanu, komanso anali bambo ake.

Anandipatsa Tikuoneni Maria atatu okha, ngati ndaba shuga.

Lamulungu, 25 Ogasiti

Titabwera ku Misa ndinamuuza kuti atenge.

Anandikumbatira mpaka mpango unagwa. Sanachitepo zimenezi chilowereni sekondale. Anayamba kulankhula mofulumira, Chichewa, Chizulu, Chingerezi, zonse m'kamwa limodzi. Akuti abwera Lachinayi ndi mnzake wa m'kalasi, Thandeka, ndi bokosi loyenera, chifukwa chinthu chotere sachinyamula m'manja pa tekisi. Kuyambira mawa akagona kwa Thandekayo pafupi ndi sukulu, ali ndi mayeso a kemisitire.

Anaitulutsa m'jumbo, anaigoneka pakati pa mapepala oyera pamwamba pa kabati. Anandiloza ndi chala ngati ndine mwana.

"Mami, pulizi. Musaigwire, musaikutumule, musaichite chilichonse. Mmene ililimu ndi mmene ikufunikira."

Ndinati ndamva, aphunzitsi.

Lolemba, 26 Ogasiti

Ndili ndekha m'nyumba, ndi iyo pamwamba pa kabati.

Tsiku lonse pamakina ndimaganiza za galasi lija. Azungu, ana asukulu, eni dzikowa, kudutsa, kuwerama, kuwerenga kakhadi. Adzaona chiyani? Chovala chakuda ndi dothi la mumsewu, thumba lende, magazi ouma. Adzati ndi mmene amaonekera makwerekwere, dzina limene amatinyozera nalo alendofe.

Bambo a Esime sanatulukepo pakhomo ndi malaya osasita. Ngakhale kahanki ankasita. Ankapukuta nsapato Loweruka madzulo akuimba nyimbo za Misa, ankati mlendo m'dziko la eni azioneka bwino kuposa mwini, asapeze ponyozera. Batani likangogwedera ankandiimirira kutsogolo osanena kanthu, chifuwa patsogolo, mpaka nditenge singano.

Munthu ameneyo akaime pamaso pa anthu chonchija? Ndipo adzati mkazi wake anali kuti.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Magetsi anazima kushopu masana, abwana anati tiziweruka. Ndinafika kunyumba dzuwa likadali pamutu.

Ndilembe mmene zinayendera. Sindinachite mwangozi. Ndinakwera pampando, ndinaitsitsa, ndinachotsa mapepala a E. n'kuwapinda bwino. Madzi ozizira m'beseni, mchere dzanja limodzi, chifukwa magazi safuna madzi otentha. Ndinaiviika. Madziwo anayamba kufiira pang'onopang'ono mpaka anaoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinagwada pamenepo ndikunena kolona, manja ali m'madzi. Ndinasintha madzi, ndinapaka sopo wobiriwira, osafikisa, kungofinya monga ubweya umafunira. Banga lapachifuwa silinachoke lonse koma tsopano uyenera kulifunafuna.

Madziwo sindinathe kuwathira m'chimbudzi. Ndinatsika nawo masitepe, ndinakathira patsinde pa mtengo wa kuseri uja.

Ili pawindo, ndaiyala pathaulo. M'nyumba mukununkhira sopo.

Lachitatu, 28 Ogasiti

Ndasoka thumba.

Linang'ambika kuchokera pakona mpaka pansi, ulusi uli nyankhalala. Ndinadula zolendewerazo ndi sizasi kuti milomo ikumane bwino, ndinatenga kansalu kumpendero wam'kati n'kuika chigamba kuseri, kenako msoko waung'ono wapamanja, ulusi wofanana ndi ubweyawo. Mabowo a njenjete a pakolala ndawatsekanso. Ndinasita ndi nsalu yonyowa pamwamba.

Nditaikweza m'mwamba ndinawaona. Mmene ankaonekera potuluka kupita ku Misa. Ndinalira, koma kulira kwabwino.

Ndinakondwa, ndisaname. Ntchito yabwino chonchi sindinaisokepo. E. adzakalipa pang'ono za malamulo awo, koma akadzaona bambo ake ali bwinobwino adzamvetsa.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Yesu, Maria, Yosefe.

Anafika madzulo ndi Thandeka, mtsikana waulemu, anandipatsa moni wa Chizulu atapinda bondo. Ananyamula bokosi lalitali lotuwa awiriwiri. E. anavala magolovesi, anakwera pampando, anatsitsa, anatsegula mapepala.

Anangoima. Anaitembenuza, anayang'ana pachifuwa. Kenako thumba. Anayendetsa chala pamsoko wanga kuchokera pakona mpaka pansi. Anauza Thandeka kuti akadikire panja.

Ndinayamba kufotokoza. Ndinati bambo ako sakanalola, unawadziwa wekha mmene ankadzisamalira, sindingawatumize kwa anthu ali ndi litsiro. Ndinati msokowo suoneka n'komwe.

"Eya, suoneka."

Ndinati nanga vuto n'chiyani, anthu aja anang'amba, ine ndakonza.

Anati, "Sanang'ambe ndi anthu aja, Mami. Ndinang'amba ndine."

Analankhula motsitsa, maso ali pathumbapo. Akuti gulu litawazungulira iye anagwira thumba la bambo ake ndi manja onse. Anthu aja ankawakokera uko, iye ankakokera kuno. Bambo ake anati siya, thawa. Iye sanasiye. Anamukoka nawo pamsewu mpaka thumbalo linang'ambika, iye anagwa chagada.

"Zaka zonsezi ndikayamba kuganiza kuti ndinawathawa, ndimakumbukira kuti pansi pa bedi pali thumba long'ambika. Kuti sindinasiye, inasiya ndi nsalu. Ndi zimene ndimafuna kulemba pakakhadi paja. Ndimafuna mudzawerenge pamenepo chifukwa pakamwa ndimalephera."

Ndinati ndimasula, lezala ndili nalo, mphindi zochepa chabe.

"Ulusi uja munadula uli kuti?"

Ndinasesa dzulo. Zinyalala anatenga m'mawa.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anaitana Thandeka, anaigoneka m'bokosi, anatseka. Anatenganso chikwama cha zovala zake. Pakhomo Thandeka anatsanzika m'Chizulu, salani kahle mama, E. anangotsogola ndi bokosi.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Foni sakuyankha. Ndasoka zipi ya kasitomala chozondoka, abwana andifunsa ngati ndikudwala.

Loweruka, 31 Ogasiti

Ndinakaima pamzere wa kulapa, itatsala pang'ono nthawi yanga ndinatuluka. Ndikanena chiyani m'Chingerezi? Kuti ndinachapa jekete? Adzandipatsa Tikuoneni Maria atatu.

Mai Sekai ndawauza. Anati, "Nditamupeza kuseri kwa mgolo uja, dzanja lake linali lofumbata. Ndinachita kumutsegula chala chimodzichimodzi kuti ndimusambitse. Munali timaulusi totuwa. Ndinkaganiza kuti n'za juzi yake."

Sanandiuzepo. Inenso sindinafunsepo munthu aliyense chilichonse. Mwana ndagona naye chipinda chimodzi zaka khumi ndi chimodzi, ndimadziwa saizi ya chiuno chake osayeza.

Lamulungu, 1 Seputembala

Nyumba ina yapsa kumtunda kuno, akuti mwafa anthu. Pobwera ku Misa ndinaona anyamata ataunjikana m'makona, ena ndi zibonga. Chakumadzulo tinayamba kumva magalasi akusweka cha kumsewu waukulu. Utsi wa matayala.

Mai Sekai anagogoda, anati tisayatse nyale, ndipo wina akagogoda ayankhe ndi iwo, Chizulu chawo n'chabwinoko.

Zayambanso.

Lolemba, 2 Seputembala

Sindinapite kuntchito. Abwana anaimba foni, akuti shopu athyola, makina onse atatu anyamula, nsalu za makasitomala zili mbwee mumsewu. Ankalira, bambo wamkulu.

Pawindo ndinaona anthu akuthamanga ndi mafiriji, matiresi, wina tayala la galimoto. Apolisi akuwombera zipolopolo zamphira. Mawu aja ndawamvanso, omwe aja a 2008, oti tizipita kwathu.

E. anaimba masana. "Muli kuti?" Ndinati m'nyumba. "Musatuluke. Mai Sekai ali pomwepo?" Ndinati eya. Ndinati mwanawe, za jekete zija. Anati, "Osati pano, Mami." Anadula.

Koma anaimba.

Lachiwiri, 3 Seputembala

Tili ku Zandspruit, m'kanyumba kamalata, mkuku monga amanenera kuno, ka a Obert, achimwene awo a mai Sekai. Anabwera ndi kagalimoto ka kuntchito kwawo m'mawa kutangoyera, anati tengani zokwana m'manja. Ndinatenga mapepala, kolona, bulangete, ndi epuloni ya kuntchito imene ndinaivala osadziwa chifukwa chake. Panjira anati aliyense atseke pakamwa, tikaimitsidwa alankhula ndi iwo.

Tagona anthu asanu ndi mmodzi pansi. Mphepo ikulowa m'malata. A Obert akuti, "Alamu, musadandaule, kuno akuba amabwera kudzatipepesa." Ndinayesa kuseka.

Ndatumiza uthenga kwa E. kuti tili kuno. Wayankha kuti shapu.

Lachinayi, 5 Seputembala

Tinapita ndi a Obert kukaona nyumba.

Chitseko chili pansi. Bedi latsala, matiresi palibe. Mapoto, ayironi, wailesi, nsapato za E., zonse. Kabati anaigwetsa. Ndinagwada kuyang'ana pansi pa bedi ngakhale ndinkaona kale kuti palibe.

Sutikesi yapita. Munali zithunzi za ukwati wathu ku Bembeke, chithunzi chawo atanyamula E. paubatizo, buku lawo la mapemphero, wotchi yosayenda ija. Wakubayo adzakhumudwa akadzatsegula. Adzataya mumgolo.

Ndinakhala pazitsulo za bedi. A Obert anaima pakhomo, chipewa m'manja, kenako anati tiyeni alamu, kusanade.

Tili m'galimoto m'pamene ndinazindikira. Cha bambo a Esime chimene chatsala pa dziko lino ndi chimodzi, ndipo chili m'firiji ku yunivesite. M'firiji imene ndinkaitemberera. Ndipo chimodzi chomwecho ndinachiwononga ndi manja anga, mopemphera.

Loweruka, 7 Seputembala

E. anabwera ku Zandspruit ndi buledi ndi mabulangete awiri. Waonda. Anapereka moni kwa onse bwinobwino, kwa ine anati mwaswera bwanji Mami, ngati mlendo. Ndinamuuza za sutikesi. Anafunsa kuti ndi chithunzi cha paubatizo chomwe? Ndinati chomwe. Anatuluka panja, anakaima pampopi nthawi yaitali.

Pobwera anati jekete aitulutsa m'firiji Lolemba, iyenera kukhala tsiku lathunthu m'pulasitiki kuti ifunde pang'onopang'ono. Lachiwiri aitsegula. Aphunzitsi ake akuti mwini chinthu ali ndi ufulu wobwera kudzaona mmene chikusungidwira.

"Ngati mukufuna."

Ndinafunsa ngati aphunzitsiwo akudziwa zimene ndinachita. Anati akudziwa, kumeneko sabisa kanthu, chilichonse chimene chachitika pa chinthu amachilemba. Anawonjeza kuti mamakisi sanamuchotsere. Ananena mawu amenewo ngati akundiponyera.

Lamulungu, 8 Seputembala

Misa sitinapite, akuti m'tauni mwavutanso. Ndinanena kolona kuseri kwa mkuku. Ndapeza lezala m'thumba la epuloni, likadali m'kapepala kake. Zida zanga zonse za utelala zatsala zimenezi.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Matekisi awiri. E. anandidikira pageti, anandilembetsa kwa alonda. Sindinalowepo pasukulu yakeyi chiyambireni. Ndinabwereka diresi ya mai Sekai, yandikulira m'mapewa.

Myuziyamu yawo ili kuseri kwa nyumba ya mabuku, koma sitinapite kumagalasi. Tinatsika masitepe kupita pansi. Chipinda chopanda mawindo, chozizira, mashelefu achitsulo mpaka kudenga, mabokosi otuwa okhaokha, lililonse ndi nambala yake. Ndinanena Tikuoneni Maria chamumtima. Pakona panali firiji ija, yoyera, yaitali ngati bokosi la maliro, ikulira pang'onopang'ono. Sindinaiyang'anenso.

Thandeka anali pomwepo, anandipatsa magolovesi. Jekete inali itagona patebulo lalikulu pansi pa nyale, manja ataiwongola. Pakabatani kapamwamba anamangirirapo kakhadi ndi ulusi woyera. Ndinkaopa nambalayo, koma pansi pake panali dzina lawo lonse, ndi la ubatizo lomwe, m'zilembo za E.

Pansi pa nyale imeneyo msoko wanga umaoneka. E. anandionetsa pagalasi lokuza, mfundo iliyonse.

Ndinatulutsa lezala. Ndinati ndilole ndimasule, ngakhale sizibwerera mmene zinalili, bola liziti lende.

Anati, "Bwezani m'thumba, Mami. Muno sitidula kanthu."

Ndinabweza. Ndinati ndalakwa mwanawe. M'Chichewa, mmene ziyenera kunenedwera. Ndinati ndinalakwa kuchapa, ndinalakwa kusoka, ndipo sindikudziwa chochita.

E. anayang'ana Thandeka, ananena kena kake m'Chizulu motsitsa. Thandeka anazengereza, anayang'ana jekete, anayang'ana chitseko, kenako anatuluka n'kutseka.

E. anati, "Igwireni m'mapewa. Muikweze."

Ndinati si paja unati chinthu sachinyamula choncho?

"Kwezani."

Ndinaikweza. Anati ababa anali aatali chonchi? Ndinati ayi, kuposa apa. Ndinakweza mpaka kolala inadutsa mutu wanga, manja ali m'mwamba. Anati pamenepo.

Anavula magolovesi ake onse awiri, anawaika patebulo. Anagwada pasimenti pambali pa jekete, mpaka mutu wake unafika pamene unkafika nthawi ija. Anagwira thumba ndi manja onse. Anakoka pang'ono. Msoko wanga sunagwedere.

Anati, "Tinatuluka kukagula parafini. Botolo ndinanyamula ndine. Ababa ankaimba nyimbo ija ya pa Misa, ine ndimawauza kuti asiye, anthu akutiyang'ana."

Anaima. Ndinati ndikumva, pitiriza. Ndinafunsa kuti inali nyimbo iti.

Anandiuza. Mikono inayamba kunjenjemera ndi kulemera kwa ubweya. Sindinatsitse.